Lekani kuwatcha ojambula zithunzi

Msuweni wanga atasankhidwa kukaphunzira Medical Imaging ku MUST, ku Thyolo, bambo ake anangoti: "Kukhoza konse kuja, ukakhale wojambula zithunzi? Udokotala wakukanika?" Anthu pakhonde anaseka. Ine sindinaseke, mwina chifukwa ife a humanities tinazolowera kunyozedwa chonchi. Komabe zinandinyansa. Kwathu kuno mwana akalowa maphunziro a zachipatala koma osatulukako ndi dzina loti dokotala, timamuona ngati wotola zotsala.

Amalume, pepani, mwalakwa.

Maso a dokotala amathera pakhungu. Fupa lathyoka pati, chifuwa chachikulu chadya mapapo mbali iti, mwana wagona bwanji m'mimba, zonsezi dokotala amadikira chithunzi. Ndipo si nkhani yongodina batani. Wojambulayo ayenera kulidziwa thupi fupa ndi fupa, kumugoneka bwino wodwala amene akubuula ndi ululu, komanso kuyeza mphamvu ya X-ray kuti isapyole muyezo, poti ikachuluka imawononga thupi. Chithunzi chikalakwika, dokotala amalimbana ndi matenda amene palibe, enieniwo akupitirira kudya munthu.

Amene mukukayika, kumbukirani za ku Queens. Kwa zaka zambiri ana ankafa ndi malungo a muubongo, madokotala osadziwa bwino chomwe chimawamaliza. Mu 2008 chipatalachi chinalandira makina a MRI, ndipo mu 2015 gulu la Terrie Taylor linafalitsa zomwe linapeza: mwa ana ambiri omwalirawo ubongo unkatupa kwambiri mpaka kupanikiza mbali yoyendetsa kupuma. Yankho limeneli linapezeka ku Blantyre konkuno, pachithunzi. Nanga ana okomokawo ankawagoneka m'makinamo ndani, ngati si anthu omwe tikuwasekawa?

Chimandipweteka kwambiri n'chakuti makina atsopano akafika timaitana atolankhani, kudula riboni, kuvina. Za munthu wowayendetsa, zii. Chaka chatha agogo anga atagwa pachitsime, tinakhala pabenchi pachipatala china kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Makina analipo, magetsi analipo. Wojambula anali mmodzi yekha, mzere mpaka panja, ndipo sindinamuone akupita kukadya.

Msuweni wangayo tsopano ali chaka chachiwiri. Patchuthi chapitachi amalume omwewo anamuitanira kuseri kwa nyumba, atanyamula envelopu yaikulu ya kuchipatala, kuti awaonere bondo.