Agora ya ku Athens unali msika, lekani kunong'ona

Aliyense wopita ku Athens amabwerako ndi chithunzi chimodzimodzi: waima pakati pa miyala yogumuka, kumbuyo kukuoneka phiri la Acropolis, ndipo pa Facebook walemba kuti apa ndi pomwe panabadwira demokalase. Chithunzicho ndilibe nacho vuto. Chimene chimandinyansa ndi ulemu wochita kuvala umene umawagwira anthu akangolowa pageti la Agora, bwalo lalikulu la mzinda wakalewo. Mawu amatsika, kayendedwe kamasanduka ka pamaliro, wotsogolera alendo n'kumayankhula ngati akulalikira. Ine ndinayendamo tsiku lathunthu ndipo ndinatuluka nditakwiya. Bata limenelo ndi lochita kupanga, ndipo alipo anthu amene analilipira ndi nyumba zawo.

Agora unali msika. Ankagulitsapo nsomba, vinyo, mafuta a olivi, miphika, mafuta onunkhira, komanso anthu, inde akapolo. Osintha ndalama ankayala matebulo awo pomwepo. Boma linkachita kuika oyang'anira msika ndi kusunga miyeso yovomerezeka, chifukwa mavenda a nthawi imeneyo nawonso ankadziwa kufinya sikelo. Chinyumba chachitali cha nsanamira zoyera chimene aliyense amachijambula chija, Stoa ya Attalos, chinali mphatso ya mfumu Attalos II ya ku Pergamon, imene inalamulira kuyambira 159 mpaka 138 BC. Munali mashopu 42, pansi 21 pamwamba 21. Shopping mall, anzanga. Ndiponso chimene mukuchionacho sichakale n'komwe. Anachimanganso pakati pa 1953 ndi 1956 ndi ndalama zochokera ku America, gawo lalikulu litaperekedwa ndi John D. Rockefeller Jr., ndipo lero amasungiramo zinthu zofukulidwa pabwalopo.

Ngakhale nzeru zimene timazigwadirazi zinakulira m'phokoso. Socrates ankaimitsa anthu pamsika pomwepa n'kumawapanikiza ndi mafunso. Pangodya ina ya bwaloli ofukula anapeza kanyumba kokhala ndi timisomali tambirimbiri ta nsapato, ndipo chapafupi panali chidutswa cha chikho cholembedwa dzina loti Simon. Ambiri amakhulupirira kuti inali shopu ya wosoka nsapato kumene Socrates ankakonda kucheza. Nayenso Paulo, monga mukudziwa inu owerenga buku la Machitidwe, atafika ku Athens ankatsutsana ndi anthu pamsika tsiku ndi tsiku. Ndani ankanong'ona pamenepo?

Nanga demokalaseyo? Msonkhano waukulu wa nzika unkachitikira pakaphiri kena kotchedwa Pnyx, koma n'zoona kuti khonsolo ya anthu 500 ndi mabwalo ena a milandu zinali pa Agora. Ololedwa kuvota anali amuna okha, mfulu, obadwa kwa nzika. Amayi, akapolo ndi obwera ntchito yawo inali kugula, kugulitsa ndi kusenza katundu, basi. Kamodzi pachaka nzika zinkatha kugwirizana zopitikitsa munthu mmodzi mumzinda kwa zaka 10 popanda mlandu uliwonse. Aliyense ankalemba paphale dzina la yemwe wamutopetsa. Themistocles, mkulu wa nkhondo amene anapulumutsa mzindawu kwa Aperisi pa nkhondo ya pamadzi ya ku Salamis mu 480 BC, anamutaya choncho patangopita zaka zosakwana 10. M'chitsime china m'mbali mwa Acropolis anapezamo mapale pafupifupi 190 olembedwa dzina lake, ndipo akatswiri atayang'anitsitsa kalembedwe anapeza kuti anawalemba ndi anthu 14 okha. Zikuoneka kuti kagulu kena kanakonzeratu mavoti oti kazigawira anthu. Eti, kalekale lomwelo! Mu 399 BC demokalase yomweyi inaweruza Socrates kuti amwe poizoni. Kwa ine mapale amenewa ndi okoma kuposa nsanamira zonse, chifukwa akununkha anthu enieni, a nsanje ndi a ziphuphu, osati milungu ya mwala imene amatigulitsa pageti.

Koma chomwe chinandikwiyitsa kwenikweni ndi ichi. Mpaka mu 1931 pamalo onse mukujambulitsapowo panali mudzi wa m'tauni wotchedwa Vrysaki, wokhala ndi misewu yake, mashopu ake ndi matchalitchi ake. Chaka chimenecho a American School of Classical Studies at Athens anayamba kufukula, boma la Greece litavomereza. Kuti miyala ya zaka 2,500 ioneke, nyumba pafupifupi 400 zinagwetsedwa m'zaka zotsatira, ndipo anthu zikwi zingapo anasamuka. Eni nyumba analandira chipepeso, sindikukana. Koma ndani amakulipira chifukwa chotaya neba amene wakhala naye zaka 30? Tchalitchi cha Atumwi Oyera, chomangidwa cha m'ma 1000 AD, anachisiya, komabe nacho anachichotsa zigawo zimene anthu anawonjezerapo m'zaka za pambuyo pake, kuti chioneke chakale mokwanira. Kenako m'ma 1950 anadzala mitengo ndi zitsamba. Mthunzi umene mumakhala pansi pake mukusinkhasinkha za Plato uja anachita kuujambula papepala.

Wina anena kuti ndikuluma dzanja londidyetsa, poti pakanapanda kufukulako sindikanadziwa za Simon kapena mapale aja. Zoona. Ofukulawo anagwira ntchito yosamala kwambiri, ndipo sindikunena kuti akwirirenso. Ndikukana bodza loti malowa anangopezeka ali chonchi, akudikira ife. Panali anthu okhala ndi ndalama ndi mphamvu amene anasankha kuti nyengo imodzi ya mbiri ya malowa ndiyo yofunika, ndipo nyengo zina zonse ndi dothi loyenera kuchotsa ndi wilibala. Anachotsa anthu amoyo kuti tione bwino pomwe pankakhala anthu akufa, kenako n'kulitcha chikumbutso cha ulamuliro wa anthu wamba. Wotsogolera gulu lathu anatha maola awiri osatchula dzina la Vrysaki ngakhale kamodzi.

Chodabwitsa n'chakuti nyumba yokhayo imene yaima yathunthu kuchokera nthawi ya Socrates, kachisi wa Hephaistos pamtunda paja, inapulumuka chifukwa anthu sanasiye kuigwiritsa ntchito. Akhristu anaisandutsa tchalitchi cha George Woyera, n'kumapemphereramo mpaka mu 1834. Anthu "owononga mbiri" omwewo ndi amene anaisungira denga.

Kumpoto kwa bwaloli kumadutsa njanji ya sitima yopita ku Piraeus, imene anaidutsitsa pamenepo mu 1891, pamwamba penipeni pa guwa la Milungu 12 pomwe ankayambira kuyeza mitunda yochokera mu Athens. Sitima ikamadutsa, wotsogolera wathu ankasiya kuyankhula, nkhope ili tsinya, mpaka ithe. Kuseri kwa njanjiyo kuli msewu wa Adrianou ndi msika wa Monastiraki, kumene amagulitsa nsapato zachikopa, mabuku akale, nyama yootcha ndi zinthu za feki zosawerengeka. Kumeneko anthu amaitanira malonda, amanenerera mtengo, amakangana za ndale, ndipo ogulitsa ambiri ndi obwera amene savota. Alendo omwe aja ankanong'ona mwaulemu pakati pa miyala ndinawapeza kumeneko madzulo atakumbatira zikwama zawo, akudandaula za phokoso, akufunsa njira yachidule yobwerera ku hotela.