Kwa Inu Otsogolera Makwaya ndi Mabandi ku Simonga

Ana anga, inu amene mwayamba kuima kutsogolo kwa makwaya ndi timabandi kuno ku Simonga ndi m'makomboni a Livingstone monga Maramba ndi Dambwa, dandaulo lanu ndimalimva. Mumati zida mulibe. Lipenga latsekeka, vayolini yaduka nsambo, ndipo kuti mupeze ina muyenera kutuma munthu ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 450. Simukunama. Ngakhale atsogoleri a maokestra aakulu a ku Ulaya akulira kuti thandizo la boma likuchepa ndipo m'maholo mwawo mwatsala anthu a imvi. Koma ine ndikuti chimene chidzaphe nyimbo zathu ndi phuma, osati kusowa kwa zida.

Taonani anzathu a ku Kinshasa. M'chaka cha 1994 Armand Diangienda, amene kale ankayendetsa ndege, anayambitsa Orchestre Symphonique Kimbanguiste ali ndi zida zochepa kwambiri, moti vayolini imodzi ankalandizana anthu angapo. Nsambo ikaduka ankamangapo waya wa buleki ya njinga, ndipo zida zina ankasema okha. Anthu omwewo anafika poimba nyimbo zazitali za Beethoven. Chimene anali nacho chochuluka ndi kupirira pophunzira.

Ife kuno tili ndi yesero limene iwo analibe. M'mbali mwa Zambezi muli malo ogona alendo ambirimbiri, ndipo alendo amakonda nyimbo zitatu zothamanga, kuwomba m'manja ndi kujambula. Ndalama yake imagula ufa ndi mayunifolomu, sindingainyoze. Koma mlendo ndi mame. Mu 2020 mliri wa Covid utatseka malire, tinaona magulu amene ankangodziwa nyimbo zosangalatsa alendo akusowa pogwira. Gulu liyambe laimbira anthu akwawo, pamaliro, paukwati ndi m'tchalitchi. Za alendo zikhale zapamwamba chabe.

Ndiye phunzitsani ana kuwerenga nyimbo. Masiku ano mwana amamvera pafoni kawiri n'kuyamba kuimba, ndipo khutu lotere ndi mphatso. Koma Messiah ya Handel, imene inaimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742, simungailoweze pafoni, chifukwa mawu anayi amathamangitsana, wina kulowa mnzake asanamalize. Pamafunika solofa, d r m yolembedwa pabolodi ndi choko. Musaione ngati ya agogo. Enoch Sontonga analemba Nkosi Sikelel' iAfrika m'solofa mu 1897, ndipo maimbidwe akewo ndi amene timaimirira nawo poimba nyimbo ya fuko la Zambia.

Ntchito yeniyeni ya wotsogolera ili pa pulakatisi, pamene palibe wowomba m'manja. Mukumva alito akutsetsereka kutsatira sopulano. Imitsani kwaya yonse. Alito aimbe okha mzere umodziwo, pang'onopang'ono, inu mukugogoda benchi ndi chala. Kenako onjezani besi, aimbenso. Sopulano alowe pomalizira. Ena ayamba kuyasamula, ena kuyang'ana kunja, koma musasiye mpaka mzerewo utakhazikika, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Aphunzitseninso kuimba motsitsa mawu. Kukuwa aliyense amatha, koma anthu makumi atatu kuimba chapansipansi osataya kiyi ndiye umboni woti akumverana. Ndipo yambani dzuwa likadalipo. Kuno njovu za ku Mosi-oa-Tunya zimayenda madzulo, ndipo kholo silingalole mwana wake wamkazi kubwerera mumdima. Mwataya mawu abwino ambiri chifukwa chochedwetsa pulakatisi.

Wina asakunamizeni kuti mwambo woterewu ndi wa azungu. Atonga a kuchigwa cha Gwembe ali ndi gule wa Budima, amene UNESCO inamulemba m'kaundula wake mu 2020. Kumeneko amuna amaimba nyele, nyanga zimene iliyonse imatulutsa liwu limodzi lokha. Munthu amadikira nthawi yake, n'kuliza liwu lakelo, n'kudikiranso, ndipo nyimbo imatuluka pa onse pamodzi. Woimba lipenga mu okestra amene amawerenga chamumtima kudikira polowera akuchita zomwezo. Silimba ya Alozi nayo ili ndi malamulo ake a kachunidwe. Mwana wodziwa zimenezi savutika kumvetsa za Handel.

Chimene chimandiwawa koposa ndi wotsogolera amene amasunga mabuku onse m'chikwama chake, kiyi akupereka yekha, nyimbo akusankha yekha. Tsiku limene wapeza ntchito ku Kitwe kapena wadwala, kwaya imathera pomwepo. Mutu umodzi susenza denga. Sankhani achinyamata awiri, mtsikana akhalepo, muziwapatsa nyimbo imodzi yoti atsogolere Lamlungu lililonse inu mutakhala pansi, ndipo powakonza muziwatengera pambali. Wina mumutumize kwa odziwa akaphunzire kutsuka malipenga, kupaka mafuta m'mavalavu ndi kukunga ng'oma, chifukwa zida zambiri zamphatso zimafera m'kabati pa vuto laling'ono. Nyimbo zimene anthu a kuno amapeka m'Chitonga, m'Chilozi ndi m'Chinyanja muzizilemba m'solofa, dzina la wopeka ndi chaka pamwamba, ndipo kope limodzi lizikhala kutchalitchi kapena kusukulu, osati kunyumba kwanu.