Intaneti yafika pabalaza, koma kuseri kwa nyumba kuli zii

Mwezi wathawu ndinatsala pang'ono kuphonyetsa munthu mwayi wa ntchito chifukwa cha mamita 35 okha. Mtsikana wina wa ku Limbuli anabwera ndi masatifiketi ake kuti ndimusikanire ndi kumutumizira pa intaneti, ndipo tsiku lotsekera linali lomwelo. Bandulo inalipo, magetsi analipo, koma fayilo inangoima pakati osasuntha. Mapeto ake ndinaikopera mufoni n'kuthamangira pakhonde pa amalume, pomwe netiweki imagwira bwino. Inapita, koma thukuta lomwe ndinatuluka tsiku limenelo ndi lomwe landilembetsa nkhaniyi.

Amene mumandiwerenga mukudziwa kuti ndimakhala ku Chitakale, mu boyizi kota kuseri kwa nyumba ya amalume. Yunivesite ndinaisiyira panjira fizi itavuta, ndiye pano ndimadya za kutaipa, kukonzera anthu ma CV ndi kudzaza mafomu. Chida changa ndi desktop yakale, zija zinagwirapo ntchito m'maofesi a kunja. Rauta ya SIM khadi ili pabalaza pa amalume, pamwamba pa kabati. Kuchoka pamenepo kufika pa tebulo langa pali makoma atatu, thanki ya madzi ndi mtengo wa mapeyala.

Tikamakamba za intaneti m'dziko muno timakamba zazikuluzikulu. Mu 2020 tinakuwa pa Twitter ndi Facebook kuti #DataMustFall, ndipo Airtel ndi TNM anatsitsako mitengo ina. Mu July 2023 Starlink inayamba kugwira ntchito m'Malawi italandira chiphaso ku MACRA, moti tizimbale take tayamba kuoneka pamadenga. ESCOM nayo inayala fibre yolumikiza maboma. Zonsezi n'zofunika, koma zimathera pa geti. Za mtunda wotsalawo, kuchoka pa rauta kufika pomwe munthu akugwirira ntchito, palibe amazikamba. Chonsecho m'pomwe ambiri a ife tikuluzira ndalama, n'kumatukwana kampani pa vuto lomwe lili pabwalo pathu pomwe.

Tiyambe ndi chifukwa chake. WiFi ndi mafunde ngati a wailesi, ndipo marauta ambiri amaulutsa pa 2.4 GHz ndi 5 GHz. Ya 5 GHz imathamanga koma ikakumana ndi khoma imafooka msanga. Ya 2.4 GHz imapita patali pang'ono koma liwiro n'lochepa. Tsono taonani nyumba zathu: njerwa zootcha, pulasitala wa simenti, malata, mawindo a zitsulo. Chitsulo chimabweza mafundewo, madzi amawameza. Kuno ku Mulanje, komwe chiperoni chimanyowetsa makoma ndi masamba masiku angapo otsatizana, sigino yomwe inali yofooka kale imatheratu. Zithunzi za pa katoni ya rauta zoonetsa nyumba yonse itadzadza WiFi sanajambulire nyumba za njerwa ngati zathuzi ayi.

Vuto lachiwiri ndi desktop yeniyeniyo. Zambiri zomwe timagula zogwirapo kale ntchito zilibe WiFi m'kati, chifukwa kumaofesi komwe zinachokera zinkayendera waya. Mukayang'ana kumbuyo mupeza kabowo kooneka ngati ka foni ya m'nyumba yakale ija koma kokulirapo. Kameneko ndi ka Ethernet. Ine ndinakanyalanyaza chaka chathunthu, n'kumayesa njira zina zonse.

Ndinayamba ndi ka adapta ka WiFi kobaya pa USB, kakang'ono ngati chikhadabo. Ndinakabaya kumbuyo kwa kompyuta, pansi pa tebulo, pafupi ndi khoma. Apo ndiye ndinalakwitsa zonse nthawi imodzi, chifukwa bokosi la kompyutalo n'lachitsulo ndipo limatchinga sigino. Zinasinthako nditagula waya wotalikitsa USB n'kukapachika ka adaptako pawindo loyang'ana kunyumba yaikulu. Waya wa USB wotere usapitirire mamita 5. Ngati rauta ili chipinda chachiwiri kapena chachitatu m'nyumba yomweyo, njira imeneyi ikhoza kukukwanirani, makamaka mukapeza adapta yokhala ndi mlongoti wake. Kwa ine inkagwira m'mawa n'kudzathawa masana.

Mnzanga wina anandibwereka repeater. Anthu ambiri amakaiyika m'chipinda chomwe mulibe netiwekimo, n'kumadabwa kuti sikuthandiza. Iyo imangobwereza zomwe yamva, ndiye ikamva zofooka ibwerezanso zofooka. Malo ake ndi pakati pa njira, pomwe sigino idakali yamphamvu. Pakati pa njira yanga pali mtengo wa mapeyala, palibe soketi. Komanso ma repeater otchipawa amalandira ndi kutumiza pa mafunde amodzimodzi, moti liwiro limatsika pafupifupi ndi theka.

Palinso ma adapta a powerline, omwe amadutsitsa intaneti m'mawaya a magetsi a m'nyumba. Pa YouTube amaoneka ngati matsenga. Koma amafuna kuti masoketi onse awiri akhale pa mawaya amodzi, ndipo ine boyizi kota yanga ili ndi mita yakeyake. Ngakhale m'nyumba imodzi, mawaya akakhala akale kapena olumikizalumikiza, kapena mukabaya adaptayo pa ekisitenshoni, zotsatira zake sizisangalatsa. Musanagule, funsani wamagetsi amene anayala mawaya a nyumbayo.

Njira yomwe ambiri timathawirako ndi kulumikiza foni ku kompyuta ndi waya wotchajira, n'kuyatsa USB tethering. Imagwira ndithu, ndipo pa ngozi ndi mpulumutsi. Koma taganizani: pakhomo pali kale bandulo ya mwezi yomwe yalipiridwa, inu n'kumagulanso ina ya pafoni tsiku ndi tsiku. Ndi kugula madzi a m'botolo mpopi uli pakhomo.

Chomwe chinathetsa nkhani ndi chija ndinkachithawa: waya. Waya wa Ethernet, wa Cat5e kapena Cat6, umanyamula intaneti mpaka mamita 100 popanda kufooka. Sulabadira khoma, malata kapena chiperoni, ndipo sufuna soketi yakeyake. Mbali imodzi mumabaya kumbuyo kwa rauta pomwe palembedwa LAN, ina ku kompyuta, basi. Onetsetsani kaye kuti rauta yanu ili ndi bowolo, chifukwa ti MiFi tam'thumba tambiri tilibe. A Starlink nanunso yang'anani: rauta ya mtundu wachiwiri ija inabwera yopanda bowo la Ethernet ndipo imafuna adapta yogula padera, pomwe ya mtundu wachitatu ili nawo mabowo awiri.

Koma nawonso waya uli ndi misampha yake, ndipo umodzi ndinagweramo. Woyamba ndinaugula pa shopu ina ku Limbe, wotchipa mokayikitsa. Sunathe miyezi iwiri. Mnyamata amene anadzandimangira mitu yake anapala kawaya kamodzi ndi mpeni, m'kati n'kuoneka zoyera. Unali wa aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa pamwamba, womwe pa katoni amalemba CCA. Umathyoka msanga. Weniweni ukapalidwa umakhala wofiirira mpaka m'kati. Chinanso, waya wa m'nyumba ukakhala padzuwa khungu lake limauma n'kung'aluka. Wodutsa panja ukhale wopangidwira panja, kapena muulowetse mu paipi ya pulasitiki n'kuukwirira, kuti khasu ndi makoswe zisaupeze. Osaumangirira limodzi ndi mawaya a magetsi.

Ndiye pali mphenzi. Ife okhala m'munsi mwa phirili tikudziwa mmene kumagundira mvula ikayamba. Waya wa kopa wolumikiza nyumba ziwiri ukhoza kunyamula mphamvu ya mphenzi yomwe yagwa chapafupi, n'kuotcha rauta ndi kompyuta nthawi imodzi. Osaupachika m'mwamba ngati chingwe choyanikira zovala. Kukayamba kung'anima, zulani mbali zonse ziwiri. Amene muli ndi ndalama, monga masukulu ndi malo ogona alendo, lumikizani nyumba ndi nyumba ndi fibre, chifukwa ndi galasi ndipo siyendetsa magetsi.

Chovuta kwambiri pa ntchito yonseyi sichinali waya koma amalume. Nditawauza, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe, ukufuna undiboolere nyumba chifukwa cha Facebook?" Ndinati, "Ayi amalume, tidutsitsa pa venti, khoma lanu sitilikhudza, ndipo bandulo tizithandizana." Mawu omalizawo ndi omwe anagwira ntchito. Ndipo anali ndi mfundo, chifukwa desktop ikapeza intaneti yabwino imadya ngati yachokera kundende. Windows imayamba kudzikonza yokha usiku, m'mawa bandulo ya banja lonse yapita. Pitani mu Settings, pa Network, muyatse metered connection musanayambane ndi eni nyumba.

Mwina wina afunsa kuti nkhani ya waya ikutani pa tsamba la nkhani za m'tauni. Yankho lili m'thumba. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo tizipangizo tonse ndatchulati timachokera kunja. Kugula chinthu cholakwika lero si kuyesa chabe, ndi ndalama ya ndiwo ya masabata. Ine ndinagula adapta, waya wa USB ndi waya wabodza ndisanafike pa choyenera, osawerengera minibasi ya ku Limbe. Ndikanadziwa poyamba, ndikanagula kamodzi.

Komanso vutoli si langa ndekha. Pa Boma, pa Chitakale, mpaka ku Muloza, mapuloti ambiri ali ndi nyumba yaikulu kutsogolo ndi tinyumba ta lendi kumbuyo, momwe mumakhala achinyamata ofunadi intaneti ya ntchito. Mafomu a sukulu, a ngongole za ophunzira ndi a ntchito akusamukira pa intaneti, ndipo ena mwa iwo pafoni amazunza. Ofesi kapena sukulu ikhoza kulandira makompyuta n'kukhala ndi rauta kwa ahedi, koma chipinda cha makompyutacho chili buloko ina. Pa pepala sukuluyo ili ndi intaneti. Kwa mwana wokhala pa kompyutayo, ilibe.

Ndiye pempho langa lili patatu. Amene mukumanga, ikani paipi yopanda kanthu kuchoka pabalaza kupita kuzipinda ndi kuseri musanapake pulasitala. Mtengo wake n'ngochepa kuyerekeza ndi kudzagumula. A mashopu a zamagetsi kuno kwathu, sungani waya wa kopa weniweni wogulitsa pa mita, tisamakwerere minibasi chinthu chotere. Ndipo anyamata ndi atsikana amene mukuti ntchito kulibe, kumanga mitu ya waya ndi kusandutsa rauta yakale kuti iziulutsa WiFi kumapeto kwa wayayo ndi luso lophunzirika masiku ochepa. Marauta akuchuluka m'tauni muno, owayalira mawaya ndi ochepa. Chenjezo lokha kwa ofuna kugulitsa intaneti kwa aneba: werengani kaye malamulo a kampani yanu, chifukwa ena, kuphatikizapo Starlink, salola kugulitsanso popanda chilolezo chawo.

Mtsikana wa ku Limbuli uja anabweranso sabata yatha ndi mafomu ena. Ndinadina kutumiza, tisanamalize n'kupatsana moni fayilo inali itapita. Anafunsa ngati ndagula Starlink. Ndinamulozera paipi yotuwa yomwe yatulukira pansi pa windo. Rauta ndi yomwe ija, bandulo ndi yomwe ija, amalume ndi omwe aja. Ngati kwanu netiweki imathera pakhonde, yezani kaye mtundawo ndi mapazi musanagule chilichonse, ndipo mutiuze mwapeza mamita angati.