Mayunitsi a Mlimi wa Mpunga

Mlimi wa mpunga wa pa sikimu ya Wovwe amagwira ndalama yooneka akakolola, miyezi ina yonseyo n'kungotolera, ndiye foni yake imadya ngati mlendo wosadziwa kuti nkhokwe yatsika. Ambiri amadandaula kuti Airtel kapena TNM yawabera mayunitsi, koma kawirikawiri wakuba amakhala m'thumba momwemo: bandulo yatha usiku, deta yasiyidwa yotsegula, ndipo foni yayamba kudula mayunitsi pa mtengo wokwera kuposa wa bandulo. WhatsApp nayo imakoka yokha mavidiyo a m'magulu a tchalitchi, a mpira ndi a maliro, mwini wake ali m'madzi kuwokera mbande. Zimenezi zimatsekeka, ndipo mdzukulu aliyense wa kusekondale angazitseke. Chimene ine chimandiwawa ndi ngongole ya mayunitsi ya Kutapa ndi Pasavute. Imathandiza mwana akadwala usiku, inde, koma imabwezedwa ndi kachiwongoladzanja, kotero ukathira mayunitsi mawa lake amatheratu usanayimbe n'komwe. Choncho wogulitsa matumba ake a mpunga agule bandulo ya mwezi tsiku lomwelo kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money, ndalamayo isanalowe ku feteleza.

Wanu, Mkhalapakhonde wa ku Wovwe