Njanji ilipo ku Salima, nanga sitima ya anthu ili kuti?

Mafoni athu adzaza ndi mavidiyo a sitima zamagetsi. Abale athu a ku Joni akutumiza pa WhatsApp zithunzi ali m'sitima zatsopano za PRASA, zabuluu zija, zomwe kampani ya Gibela ikupanga kufupi ndi Johannesburg. Ku Tanzania nako, kuyambira mu 2024, sitima yamagetsi ikuyenda pakati pa Dar es Salaam ndi Dodoma. Tikaona zimenezi timasirira, kenako n'kumafunsana kuti kodi ife tidalakwanji.

Kusirira si mlandu. Koma tisanayambe kulota zamagetsi, tiyeni tione kaye zomwe tili nazo. Paja akuluakulu adati fodya n'kuyu ali pamphuno.

Titenge Salima. Njanji idafika m'bomali m'ma 1930, kuchokera ku Blantyre kudzera ku Balaka ndi padoko la Chipoka. Mu 1979 idatsegulidwa ina yopita ku Lilongwe, mothandizidwa ndi dziko la Canada. Njanjiyi siidafe ayi. Mu 2024 sitima ya mafuta yochokera ku Nacala idadutsa pomwepo mpaka kukafika ku Kanengo. Komanso ku Salima komweko, ku Nanjoka, kuli malo opangira magetsi a dzuwa a kampani ya JCM, okwana mamegawati 60, omwe adayamba kugwira ntchito mu 2021.

Ndiye kuti katundu akuyenda panjanji, koma munthu ayi. Sitima ya anthu imangozungulira kummwera, ku Limbe, Balaka ndi Nayuchi. Wa ku Salima akafuna kupita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, njira yake ndi imodzi basi: minibasi kapena kagalimoto kodzaza mopyola muyeso pamsewu wa M14. Mafuta akasowa, mtengo umakwera tsiku lomwelo, ndipo palibe koti n'kudandaula.

Amene akuvutika tikuwadziwa. Ndi mayi wogula usipa ku Senga Bay amene phindu lake limathera pa thiransipoti. Ndi mlimi wa mpunga ku Lifuwu. Ndi wodwala wotumizidwa kuchipatala chachikulu cha Kamuzu Central, pamodzi ndi womudikirira. Ndi mnyamata amene waitanidwa ku intavyu ku Lilongwe koma m'thumba muli ya ulendo wopita wokha.

Anthu amenewa sangadikire sitima yamagetsi. Sitima yotere imafuna mawaya pamwamba pa njanji yonse, malo ogawira magetsi m'njira, ndiponso magetsi osathimathima. Tonse tikukumbukira mdima womwe udatigwera namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022. Sitima itaima pakati pa tchire chifukwa magetsi azima, tingaloze chala ndani?

N'chifukwa chake ife tikuti tiyambe ndi zotheka. Unduna wa zamtengatenga ukhale pansi ndi kampani yomwe ikuyendetsa njanji, agwirizane zoti sitima ya anthu, ngakhale ya dizilo, iziyenda pakati pa Salima ndi Lilongwe. Iyambe ngakhale kawiri pasabata, bola nthawi yake idziwike ndipo isungidwe. Sitima imodzi imanyamula anthu omwe akadadzaza maminibasi ambirimbiri, ndipo mafuta omwe imamwa pa munthu mmodzi ndi ochepa. M'dziko lomwe ndalama zakunja n'zosowa chonchi, phindu limenelo si laling'ono.

Tikudziwa yankho lomwe lingabwere: kunyamula anthu kulibe phindu, ndalama ili pa katundu. Mwina n'zoona. Koma njanji ndi chuma cha Amalawi. Boma lidangoibwereketsa ku kampani ya CEAR mu 1999, silidaigulitse. Mwini chinthu ali ndi ufulu wonena momwe chinthu chake chigwirire ntchito. Aphungu a ku Salima ndi Dowa, komwe njanjiyi imadutsa, afunse funso limeneli m'Nyumba ya Malamulo, ndipo yankho lake tilimve.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Ku South Africa, nthawi ya Covid-19 mu 2020, mbava zidaba mawaya ndi kuphwasula masiteshoni moti njira zambiri zidatsekedwa kwa nthawi yaitali, sitima zatsopano zili chiimire. Kuno kwathu alipo omwe amazula zitsulo zapanjanji kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, ena amalima ndi kukumba mchenga m'mphepete mwenimweni mwa njanji. Ngati tikulephera kusamala chitsulo wamba, waya wa kopa tidzamusiya?

Achinyamata, bandulo yomwe timathera poonera sitima za eni, tiigwiritsenso ntchito pofunsa phungu wathu ndi khansala wathu funso limodzi ili: sitima ya anthu ibwerera liti ku Salima? Yamagetsiyo idzabwera nthawi yake ikadzakwana, ndipo idzafunika kupeza njanji yosamalika ndi anthu ozolowera kukwera.