Aonetseni ana mafilimu amene bambo amagonja

Makolo ambiri a msinkhu wanga akafuna kuonetsa ana awo filimu yakale amathamangira kwa Rambo, Commando kapena Bruce Lee. Sindikuwadzudzula. Tidakula kopanda wailesi ya kanema, poti TVM idayamba mu 1999, ndipo tinkaonera chimene mwini vidiyo sho wasankha tsiku limenelo, titapanikizana pabenchi. Enter the Dragon ya mu 1973 ndimaikondabe mpaka lero. Koma mwana wa zaka 17 amene foni sichoka m'manja mwake adaona kale zibakera zoposa pamenepo, ndipo mukamuikira Rambo amangokumverani chisoni.

Chimene mwanayo sadaonepo kwenikweni ndi munthu wamkulu akugonja. Mwana akafika Fomu 3, mpaka kukafika ku koleji, amakhala atayamba kuzindikira kuti bambo ake amakongola ndalama, amaopa abwana, ndipo nthawi zina amanena zabodza kuti pakhomo pagonedwe. Sangakufunseni, inunso simungamuuze. Timawaphunzitsa kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma sitiwauza kuti dambolo limauma chaka china. N'chifukwa chake ndikuti pa msinkhu umenewu filimu yoyenera kuonera limodzi ndi ija imene kholo limalephera, mwana akuona.

Yoyamba kwa ine ndi Bicycle Thieves, imene Vittorio De Sica adajambula mumzinda wa Rome mu 1948, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, ntchito zikusowa. Antonio Ricci wapeza ntchito yomata zithunzi zotsatsa malonda m'makoma, koma ntchitoyo ikufuna munthu wa njinga, ndipo njinga yake adapinyolitsa. Mkazi wake Maria akuyalula nsalu za pabedi, kukapinyolitsa zimenezo kuti awombole njingayo. Tsiku loyamba lenilenilo la ntchito, Antonio ali pamakwerero, mnyamata wina akuitenga njinga ija n'kuthawa nayo. Filimu yonse yotsala ndi bambo ndi mwana wake wamng'ono, Bruno, akuyendayenda mumzinda kufunafuna njinga: kupolisi komwe sakulabadira, kumsika komwe njinga zakuba amaziphwasula n'kumagulitsa zidutswa, kutchalitchi, ngakhale kwa mayi wolosera. Aliyense amene adaonapo wakabaza ataberedwa njinga safuna womufotokozera kulemera kwa nkhaniyi.

Pali malo ena pamene Antonio, mtima utamukwera, akumenya Bruno mbama popanda chifukwa chenicheni. Kenako, posadziwa kupepesa, akumutengera kumalo odyera n'kuwononga tindalama tomwe tatsala. Abambo ambiri timapepesa chomwecho, ndi chipisi kapena Fanta, mawu osatuluka. Pamapeto pake, pafupi ndi bwalo la mpira pomwe njinga zaimikidwa zambirimbiri, Antonio akuba njinga ya munthu wina. Anthu akumuthamangitsa, kumugwira, kumumenya, Bruno akuona zonse. Mwini njinga atayang'ana mwanayo akungoti amusiye. Amene adasewera Antonio, Lamberto Maggiorani, sadali katswiri wa zisudzo ayi, adali munthu wogwira ntchito kufakitale, ndipo nkhope yake imaonetsa.

Mwana wanga wamkazi, yemwe ali ku sekondale, filimu itatha adafunsa kuti, “Adadi, ndiye yatha basi? Njinga ija sadaipeze?” Mchimwene wake wa ku koleji adati bamboyo ndi wakuba ngati mnyamata woyamba uja, palibe kusiyana. Adakangana mpaka nsima kuzizira. Ine sindidalowerere, ndipo ndikupempha makolo anzanga kuti pamenepa muzidzigwira. Mukangoyamba zakuti “mwaphunzirapo chiyani”, mwaisandutsa filimu kukhala ulaliki, ndipo ulendo wina sadzabwera pabalaza.

Ya kufupi ndi kwathu ndi Neria ya ku Zimbabwe, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, imene nkhani yake adalemba Tsitsi Dangarembga ndipo adatsogolera ndi Godwin Mawuru. Ana ambiri amadziwa nyimbo ya Oliver Mtukudzi koma filimu yake sadaione, sadziwanso kuti Mtukudzi mwini wake adasewera ngati mchimwene wa Neria. Mwamuna wa Neria, Patrick, akumwalira pangozi osasiya wilo, ndipo m'bale wake Phineas akutenga ndalama ndi katundu wa m'nyumba, ati ndi mwambo. Neria, amene adasewera ndi Jesesi Mungoshi, akupita kukhoti. Kuno kwathu lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 lidaika kulanda chuma m'gulu la milandu, koma tonse tikudziwa zimene zimanong'onedwa kuseri kwa nyumba ya siwa maliro asadaikidwe n'komwe. Iyi muionere pamodzi ndi ana aamuna makamaka. Phineas wa mawa ali m'nyumba zathu, akudya nafe, ndipo sadziona ngati munthu woipa. Amangoti akusunga za mbale wake.

Sarafina! ya mu 1992 ambiri tidaionera, koma tidatengeka ndi nyimbo ndi magule a Leleti Khumalo. Muionerenso ndi mwana wa zaka 16, diso lanu lili pa Miriam Makeba, amene akusewera mayi wa Sarafina, wogwira ntchito m'nyumba ya azungu, kulera ana a eni pamene ake ali ku Soweto. Sarafina akuwanyoza mayi akewo kuti ndi amantha. Atatuluka m'ndende, atazunzidwa, akubwerera kwa iwo ndi mawu ena. Chenjezo lokha: muli malo pamene ana asukulu akuwotcha wapolisi, ndiye ang'onoang'ono ayambe agona.

Tsono pali ina imene ana anga adaikana atangomva kuti ndi amuna 12 okhaokha m'chipinda chimodzi, opanda mkazi, opanda galimoto, opanda mfuti, chithunzi chakuda ndi choyera. Ndi 12 Angry Men ya Sidney Lumet, ya mu 1957. Ku America mlandu waukulu amagamula ndi anthu wamba osankhidwa, ndipo apa ayenera kugwirizana onse ngati mnyamata wa zaka 18 wa m'dera losauka adapha bambo ake ndi mpeni. Akati ndi wolakwa, akaphedwa. Kunja kukutentha, wina ali ndi matikiti a mpira wa baseball m'thumba ndipo akufuna zithe msanga. Atavota koyamba, 11 akuti wolakwa. Mmodzi yekha, Henry Fonda, akukana, osati poti akudziwa kuti mnyamatayo sadaphe, koma poti sangatumize munthu kumanda asadakambirane. Akutulutsa m'thumba mpeni wofanana ndendende ndi umene a boma ankati ndi wosowa. Akuyeza ndi mapazi ngati mboni yokalamba, yotsimphina, ikadafikadi pakhomo m'masekondi 15 monga idanenera.

Amene amandikhudza ine m'filimuyi si Fonda koma bambo wina waukali, Lee J. Cobb, womaliza kugonja. Pang'onopang'ono zikuonekera kuti sakuweruza mnyamata wa mlanduyo ayi, akuweruza mwana wake wobereka yekha amene adayambana naye zaka zapitazo. Ana athu akukula m'nthawi imene chithunzi cha munthu chimayenda pa WhatsApp m'mawa, pofika masana aliyense wagamula kale, ndiponso m'misika mwathu kukuwa kuti “wakuba!” kumatha kuphetsa munthu. Ola limodzi ndi theka loona munthu mmodzi akuti “tadikirani kaye” silingawaonongere tsiku.

Kwa wa ku koleji, amene wayamba kuyankhula Chingerezi chambiri pakhomo, ndimasungira Mandabi ya Ousmane Sembène wa ku Senegal, ya mu 1968, yojambulidwa m'Chiwolof. Ibrahima Dieng, bambo wa mitala wosagwira ntchito mumzinda wa Dakar, walandira ndalama kudzera kupositi kuchokera kwa mphwake amene amasesa misewu ku Paris. Kuti atape ndalamazo pakufunika chiphaso, kuti apeze chiphaso pakufunika kalata ya kubadwa ndi zithunzi, ndipo paliponse pali wina wofuna kangachepe. Uku anansi amva kale, ayamba kubwera kudzakongola, kunyumba ayamba kale kutenga mpunga pangongole. Womaliza kumudyera ndi munthu wophunzira, wovala suti, amene adadzipereka kuti amuthandiza. Banja lililonse lomwe lili ndi m'bale ku Joni liseka poonera, koma mwana wophunzirayo ayenera kudzifunsa kuti akadzamaliza digiri, agogo ake akadzamutuma ku ofesi, adzakhala uti m'filimuyi.

Ena anena kuti mafilimu amenewa ndi ozizira, amachedwa, ndipo awiri mwa iwo ndi owerenga mawu pansi. N'zoona. Mphindi 20 zoyamba mwana amagwiragwira foni, ndipo musamulande, ingomusiyani. Enanso anena kuti moyo ndi wowawa kale, bwanji osangoseka? Sekani ndithu. Modern Times ya Charlie Chaplin, ya mu 1936, imaseketsa agogo ndi mdzukulu pamodzi popanda womasulira. The Gods Must Be Crazy ya mu 1980 nayonso tidaseka nayo mpaka nthiti kuwawa, koma imeneyo mukaika, muwauze kuti idapangidwa ndi Jamie Uys wa ku South Africa tsankho lili pachimake, ndipo afunse okha kuti amene akusekedwa ndani. Chimene ndikukana ndi maganizo akuti mwana wa zaka 18, amene boma limamulola kuvota, sangapirire filimu yopanda mathero okoma.

Kusaka mafilimuwa musavutike nako, apatseni anawo maina ndi ndalama ya bandulo, iwo amadziwa makwalala a pa intaneti kuposa ife. Laputopu ikhale yodzaza moto kuopa kuzima kwa magetsi. Koma musawatumizire pafoni kuti akaonere kuchipinda aliyense payekha. Holide ikubwerayi, Loweruka lina madzulo, khalani nawo pampando womwewo, muyambe ndi ya njinga ija, ndipo ikatha muwasiye ayambe ndi iwo kuyankhula.