Lavender Town ndi mzimu umene anaunamizira kuti ndi chiwanda

Pali nkhani ina imene imakana kufa. Imazilala kwa kanthawi, kenako n'kutulukiranso pa intaneti itavala malaya atsopano. Akuti nyimbo ya mu Lavender Town, tauni yongopeka ya mu gemu ya Pokémon, inadwalitsa ana ambiri ku Japan mu 1996, ndipo ena anafika podzipha. Nkhaniyi ikafotokozedwa m'Chichewa imalemera kuposa kale, chifukwa wofotokoza amathamangira mawu amodzi okha: ziwanda. Tauni ya ziwanda, nyimbo ya ziwanda, gemu ya ziwanda. Apa pali mabodza awiri, lina la mbiri ndi lina la kamasuliridwe, ndipo onse awiri ayenera kutsutsidwa.

La mbiri ndi losavuta kuligwetsa. Pokémon Red ndi Pokémon Green zinatuluka ku Japan pa 27 February 1996, zopangidwa ndi kampani ya Game Freak ndi kufalitsidwa ndi Nintendo pa kachipangizo ka Game Boy. Nyimbo zake anapeka ndi Junichi Masuda. Ya ku Lavender Town ndi yachisoni ndithu, ya mamvekedwe akuthwa amene amanyumwitsa khutu. Koma palibe nyuzipepala ya nthawi imeneyo, chipatala kapena khoti limene linatchulapo mwana womwalira nayo. Nthano ya imfazi inayamba kuyenda pa intaneti cha m'ma 2010, zaka zoposa khumi gemu itatuluka, pakati pa nthano zoopseza zimene anthu osadziwika amalembera kusangalatsana.

Chimene chinachitikadi ndi china. Pa 16 December 1997, wailesi yakanema ya TV Tokyo inaonetsa gawo la katuni ya Pokémon lokhudza Porygon, momwe munali kuwala kofiira ndi kwabuluu kothwanima mofulumira kwambiri. Oonera okwana 685 anathamangira nawo kuchipatala, ena atakomoka ndi kugwidwa tsembwe, ndipo katuniyo inaimitsidwa kwa miyezi inayi. Vuto linali kuwala, osati nyimbo, ndipo linali pa kanema, osati mu gemu. Lavender Town sinakhudzidwe n'komwe. Wopeka bodza anangotola ngozi yeniyeni n'kuipachika pa mtengo wina. Amene amafalitsa nthanoyi osafufuza akumbukire zimene zinamugwera safunsa uja.

Bodza lachiwiri ndi lozama, chifukwa limakhala m'mawu. Kodi mu Lavender Town muli chiyani? Ndi katauni kakang'ono kum'mawa kwa chigawo cha Kanto, kopanda bwalo la mpikisano ngati limene lili m'mizinda ina monga Saffron City ndi Celadon City. Chimene chilipo ndi Pokémon Tower, nyumba ya nsanjika 7 imene ndi manda. Anthu amabwerako kudzalira ziweto zawo pa ziliza. Wosewera akamakwera amakumana ndi zithunzithunzi zosadziwika, ndipo Pokémon wake amachita mantha, osatha kumenya. Ayenera kupita kaye ku Celadon City, kukalanda chipangizo chotchedwa Silph Scope m'phanga la gulu la zigawenga la Team Rocket. Akabwera nacho, maso amatseguka. Pa nsanjika yachisanu ndi chimodzi, chimene chimatchinga makwerero chimadziwika kuti ndi mzimu wa Marowak, mayi amene a Team Rocket anamupha, n'kusiya mwana wake Cubone ali wamasiye.

Mzimu umenewu sugwidwa. Mu gemu imene cholinga chake chonse ndi kugwira ndi kusonkhanitsa, opanga anaika cholengedwa chimodzi chimene mpira wogwirira sungachitenge. Wosewera akathana nawo, mzimuwo umatonthola n'kupita kukapuma. Pamwamba penipeni ndi pamene pali adani enieni: anthu amoyo, a Team Rocket, atatsekereza nkhalamba yotchedwa Mr. Fuji, imene imasamalira Pokémon amasiye ndi otayidwa.

Tsopano munthu wodziwa Chichewa aweruze. Chiyankhulochi chili ndi mawu atatu pamene Chingerezi cha mu gemu chinaika amodzi. Mzukwa ndi chinthu chooneka usiku chimene chimaopsa odutsa. Chiwanda ndi mzimu woipa umene umazunza anthu popanda mlandu. Mzimu ndi wakufa amene akadali wa pabanja, amene amakwiya akalakwiridwa ndipo amatonthola akapepesedwa. Marowak asanazindikiridwe ndi mzukwa. Akazindikiridwa ndi mzimu. Sanakhalepo chiwanda pa mphindi ina iliyonse. Ali ndi mlandu umene sunaweruzidwe, ndipo mlandu suola. Womutcha chiwanda wamupha kachiwiri, chifukwa wachotsa kulakwa pa wakupha n'kukuika pa wophedwa. Kusiyana kumeneku agogo a ku Dedza, ku Chipata ndi ku Angónia amakudziwa popanda kutsegula buku. N'zomvetsa manyazi kuti adzukulu awo ophunzira ndi amene akusakaniza mawuwa.

Ngakhale dzina la tauniyi likuchitira umboni. Mayina a mizinda ya Kanto anatengedwa ku mitundu ya utoto: Vermilion, Cerulean, Pewter, Fuchsia, ndipo ulendo umayambira ku Pallet Town, dzina la kathabwa kosakanizirapo utoto. M'Chijapanizi Lavender Town ndi Shion Town, ndipo shion ndi duwa lofiirira limene ku Japan limaimira kusaiwala munthu. Omasulira m'Chingerezi anasankha duwa lina la mtundu wofananawo, a Chifalansa anati Lavanville, a Chijeremani anati Lavandia. Onsewa anasunga duwa. Palibe mmodzi amene anaona chifukwa chotchulira mdyerekezi.

Mawu akuti Pokémon nawonso amanamiziridwa. Ndi chidule cha Pocket Monsters, ndipo Satoshi Tajiri, amene anayambitsa zonsezi, ali mwana ankakonda kusonkhanitsa tizilombo touluka ndi tokwawa. Apa Chichewa chikuposa Chingerezi, chifukwa mawu akuti tizilombo amanyamula matanthauzo onse awiri, ziwala ndi agulugufe komanso zilombo zazing'ono. Tizilombo ta m'thumba. Mwana aliyense amene anagwirapo ziwala m'dambo n'kuziika m'botolo akudziwa kale chiyambi cha gemu imeneyi.

Ena adzati manda si malo a ana, ndipo gemu yolowetsa mwana m'manda yalakwa kale. Mfundoyi si yopanda pake. Makolo ali ndi ufulu wonse wosankha zimene mwana aone, ndipo Pokémon ili ndi zake zodzudzulika: mu Celadon City ya gemu zoyambirira muli nyumba ya juga, ndipo malonda a makadi ndi zidole sanabise cholinga chawo cha kutapa m'thumba la kholo. Wodzudzula zimenezi akulankhula zoona. Koma kubisira mwana imfa sikuichotsa. Mwana wa ku Lilongwe, ku Harare kapena ku Johannesburg amaona masamba atayalidwa pamsewu kapena tenti ya maliro pakhomo la mnansi asanadziwe n'komwe kuwerenga. Chimene Lavender Town imamuphunzitsa n'chakuti chooneka choopsa chingakhale munthu wolira, kuti mantha amachepa chinthu chikatchulidwa dzina lake, ndi kuti wamasiye amafunika womulera. Maliro n'kulirana, ndipo gemu ya ana inanena zomwezo ndi timadontho takuda ndi toyera. Katuninso inatsata njira yomweyo: Ash atalowa mu nsanja ija anapeza Gastly, Haunter ndi Gengar, osungulumwa ofuna anzawo osewera nawo.

Ngati pali mlandu woimba opanga gemu pa za Lavender Town, mlanduwo uli mu Pokémon Gold ndi Pokémon Silver za 1999. Nkhani yake imachitika patapita zaka zitatu. Wosewera akabwerera ku tauniyi amapeza nsanja ya manda ija yasanduka nyumba ya wailesi, ndipo ziliza zasamutsidwira ku kanyumba kakang'ono. Nyimbo yachisoni ija yafewetsedwa. Akufa apatuka kuti chitukuko chidutse. Izi ndi zimene zikanayenera kuutsa mkangano pakati pa anthu amene amavula chipewa akamadutsa pa manda, amene sadula mtengo wa kumanda popanda chilolezo cha mfumu. Koma nkhani imeneyi siyenda pa mafoni, chifukwa ilibe ana akufa ndi nyimbo. Bodza lokometsera lapambana funso lenileni.

Chimene chili pachiswe apa si ulemu wa kampani ya ku Japan, yomwe siisowa woiteteza. Ndi kulemera kwa Chichewa. Chiyankhulo chimafa pang'onopang'ono pamene mawu atatu asanduka amodzi, pamene chachilendo chilichonse chosamvetsetseka chikutchedwa chiwanda kapena chausatana. Chizolowezi chimenechi sichithera pa gemu. Pakamwa pamene pazolowera kutcha chiwanda chinthu chimene sipanachifufuze ndi pomwenso pamatcha mfiti nkhalamba yokhala yokha kumapeto kwa mudzi, ndipo zotsatira zake zimadziwika.

Choncho wolandira uthenga wa nyimbo yopha ana afunse tsiku, dzina la chipatala ndi nyuzipepala imene inalemba. Sadzayankhidwa. Ndipo womasulira nkhani ya Lavender Town m'Chichewa, kaya kwa mng'ono wake kapena kwa mwana wake, asankhe mawu oyenera: pa makwerero paja panaima mzimu wa mayi wophedwa, ndipo amene anamupha anali pamwamba, amoyo, atavala yunifolomu.